National Civil Rights Museum ku Memphis: zimene mukapezemo, zimene zimavuta, ndi mogawira nthawi yanu

Anthu ambiri amene amafika pa nambala 450 Mulberry Street mumzinda wa Memphis, m'chigawo cha Tennessee ku America, amakhala atadzera chinthu chimodzi: khonde limene Dr. Martin Luther King Jr. adaomberedwapo madzulo a pa 4 Epulo 1968. Khondelo limaonekera pamsewu, ndipo kuliona salipiritsa. Pachitsulo chake, kutsogolo kwa chitseko cha chipinda nambala 306, pali nkhata ya maluwa oyera ndi ofiira. Pansi paima magalimoto awiri akale oyera, Dodge ya 1959 ndi Cadillac ya 1968, ndipo chikwangwani chachitali cha Lorraine Motel chikadali chiimire. Munthu akhoza kujambula zithunzi n'kumapita. Koma kuseri kwa makoma a moteloyi kuli National Civil Rights Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya nkhondo imene anthu akuda a ku America adamenya polimbana ndi tsankho, ndipo m'kati mwakemo ndi momwe muli zenizeni. Chimene nyumbayi imachita bwino koposa ndi kuonetsa ntchito imene idagwiridwa: amene adasindikiza timapepala usiku wonse, amene adapereka magalimoto awo, amene adasonkha ndalama za belo, amene adaphunzitsa ana a sukulu kumenyedwa osabwezera. Ndalama ya tikiti simudzaidandaula, malinga mukalowe mukudziwa mogawira nthawi yanu, chifukwa apa m'pamene alendo ambiri amalakwitsa.

Malowa adawagula ndi Walter Bailey mu 1945, n'kuwapatsa dzina lakuti Lorraine potengera dzina la mkazi wake, Loree. Masiku amenewo munthu wakuda wa paulendo sankaloledwa m'mahotela a azungu kum'mwera kwa dzikolo, ndiye ankayenda ndi kabuku kotchedwa Green Book kolozera malo amene angagone ndi kudya osapitikitsidwa. Lorraine idali m'kabukumo, ndipo oimba akuda obwera kudzajambula nyimbo ku Stax Records ankafikira pomwepa. King ataomberedwa, Mayi Loree Bailey adagwidwa ndi sitiroko tsiku lomwelo, n'kumwalira pa 9 Epulo. Bizinesi idalowa pansi mpaka mu 1982 pamene gulu la anthu a mumzindawu lidagula malowa pa okishoni ndi madola 144,000. Nyumba yosungiramo mbiriyi idatsegulidwa mu Sepitembala 1991. Idakonzedwanso ndi madola 27.5 miliyoni n'kutsegulidwanso mu Epulo 2014, ndipo zambiri zimene mukaone ndi za kukonza kumeneko.

Tiyambe ndi za pakhomo. Lachiwiri satsegula, chimenechi chokha chabweza alendo ambiri manja ali m'khosi. Matikiti ndi a nthawi yoikika, ndipo n'kwanzeru kugulira pa intaneti masiku angapo musananyamuke, chifukwa Loweruka ndi pa tchuthi nthawi za m'mawa zimatha msanga. M'zaka zapitazi tikiti ya munthu wamkulu yakhala ili pafupi ndi madola 20, ndipo ana, ophunzira ndi okalamba amalipira yocheperapo. Okhala mu Tennessee amalowa ulere Lolemba chakumadzulo akaonetsa chitupa cha chigawocho. Pakhomo amafufuza m'zikwama, chakudya ndi zakumwa salowa nazo, ndipo kujambula amalola koma mutazimitsa fulashi. Musatenge tikiti ya pambuyo pa 2 koloko masana, chifukwa nthawi yotseka idzakupezani muli pakati. Kuyambira Malichi mpaka Meyi m'mawa mumadzaza ana a sukulu obwera pa mabasi. Masiku ena awiri a chinamtindi cha anthu ndi 4 Epulo komanso Lolemba lachitatu la Januwale, tchuthi chokumbukira King. Iye adabadwa pa 15 Januwale 1929, deti lomwe ku Malawi timakumbukira Chilembwe. Pa masiku amenewa pamakhala mapemphero ndi zolankhula zabwino, koma amene akufuna kuwerenga mofatsa asankhe tsiku lina.

Njira ya m'kati ndi imodzi. Imayamba mu 1619, chaka chimene akapolo a ku Africa adafika ku Virginia, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kukakutulutsirani pa chipinda 306 m'mwamba. Muli zinthu zoonetsa pafupifupi 260 ndi mafilimu aafupi oposa 40. Zipinda zoyamba zili ndi makoma odzaza zolemba, ndipo mlendo amene wangolowa, mphamvu zikadalipo, amawerenga chilichonse. Pofika chaka cha 1955 amakhala atatha ola ndi theka, miyendo yayamba kuwawa, ndiye zipinda zimene zili ndi nkhani yeniyeni amangozidutsa. Konzani maola atatu, kapena anayi ngati mumakonda kuwerenga. Theka la ola likukwanireni kuyambira pa ukapolo kufika pa mlandu wa 1954 woletsa tsankho m'masukulu. Ola ndi theka likhale la zaka za 1955 mpaka 1965. Ndipo musunge mphindi zosachepera 40 za sitalaka ya ku Memphis ndi zipinda za motelo.

Chipinda cha ukapolo ndi chozungulira, pansi pake pali mapu a nyanja ya Atlantic oonetsa njira za zombo. Anthu pafupifupi 12.5 miliyoni adakwezedwa m'zombo ku Africa, ndipo ochepera 400,000 ndiwo adatsitsidwira ku North America mwachindunji, koma pofika 1860 akapolo ku America adali atatsala pang'ono kukwana 4 miliyoni. Pambali adamangapo chifaniziro cha kunsi kwa chombo, muli ziboliboli za amuna omangidwa unyolo, atakhala mothithikana maondo ali pachifuwa. Mukawerama n'kulowamo, ndi pamene mumamvetsa kuti munthu sankatha kuimirira. Nkhani ya chipindachi ndi ya ku Atlantic yokha. Njira imene inkatenga anthu a kwathu kudzera ku Nkhotakota kupita ku Kilwa ndi Zanzibar ndi ina.

Chigawo chotsatira, cha malamulo a tsankho otchedwa Jim Crow, ndicho chili ndi zolemba zambiri, ndiye kudziwiratu msana wa nkhani kumapulumutsa nthawi. Ukapolo udathetsedwa mu 1865. Mu 1868 anthu akuda adakhala nzika, ndipo mu 1870 amuna akuda adapatsidwa ufulu wovota. Asilikali a boma lalikulu atachoka kum'mwera mu 1877, zigawo za kumeneko zidayamba kulanda maufuluwa mochenjera: msonkho wolipira usanavote, mayeso a kuwerenga amene mlembi wachizungu ankakhozetsa kapena kulepheretsa momwe wafunira, ndi chiopsezo cha kuchotsedwa ntchito kapena kuphedwa. Ku Louisiana anthu akuda olembetsa kuvota adali oposa 130,000 mu 1896; pofika 1904 adatsala 1,342. M'chaka chomwecho cha 1896 khoti lalikulu la Supreme, pa mlandu wa Plessy v. Ferguson, lidavomereza kulekanitsa akuda ndi azungu m'sitima, ndipo chigamulochi chidafalikira ku sukulu, zipatala, zimbudzi, mipopi ya madzi akumwa, mpaka kumanda. Imani pang'ono pa Ida B. Wells, mtolankhani wa mu Memphis momwemu. Mu 1892 gulu la azungu lidapha anzake atatu, Thomas Moss, Calvin McDowell ndi Will Stewart, a golosale ya People's Grocery imene inkalanda makasitomala a mzungu wina. Wells atalemba poyera za kupha kotere, ofesi ya nyuzipepala yake idaphwanyidwa, ndipo sadathenso kukhala mumzindawu.

Kwa ife a ku Malawi, chipinda chimenechi chili ndi mbali ina imene simudzaipeza pakhoma. John Chilembwe adaphunzira ku Virginia Theological Seminary and College ku Lynchburg kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, chigamulo cha Plessy chitangoperekedwa kumene. Adabwerera mu 1900 mothandizidwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu, kumene adagwira ntchito ndi amishonale akuda a ku America, Landon Cheek ndi Emma DeLany. Dr. Hastings Kamuzu Banda adatsiriza maphunziro a udokotala mu 1937 ku Meharry Medical College ku Nashville, mu Tennessee momwemu. Malamulo a tsankho amene mukuwerengawo, anthu awiriwa adakhala pansi pake. Mbali ya Africa m'nyumbayi ndi yochepa, ndipo ndi chimodzi mwa zofooka zake, poti King iye mwini adapita ku Ghana mu Malichi 1957 kukaona dzikolo likulandira ufulu.

Basi ya ku Montgomery ndiyo imakopa aliyense. Mumakwera, mumapeza chiboliboli cha Mayi Rosa Parks atakhala, chikwama chili pamiyendo, kenaka mawu a dalaivala ojambulidwa amayamba kulamula kuti muchoke pampando, akumka nakwera mpaka kuopseza kuti aitana apolisi. Ana amadzidzimuka nawo mawuwo. Basiyi ndi ya nthawi imeneyo koma si imene Mayi Parks adakwera. Yeniyeniyo, nambala 2857, ili ku Henry Ford Museum ku Dearborn, Michigan. Kanjira ka m'basi n'kopapatiza ndipo aliyense amafuna chithunzi, ndiye mzere umaima. Mukaona padzaza, yambani ndi za panja pa basi, pamene pali ziboliboli za amayi atatu akuyenda wapansi, chifukwa nkhani yaikulu ndi yawo.

Lamulo la m'basi lidali lotere: mipando khumi yakutsogolo ya azungu, yakumbuyo ya akuda, yapakati wakuda ankakhalapo pokhapokha mzungu asanaifune. Nthawi zambiri wakuda ankalipira masenti 10 kutsogolo, kutsika, n'kukalowera chitseko chakumbuyo, ndipo madalaivala ena ankanyamuka munthu asanakwere. Pa 1 Disembala 1955 Mayi Parks adakhala pamzere woyamba wa mipando yapakati, n'kukana kunyamuka. Sadali munthu wongotopa chabe. Adali mlembi wa nthambi ya ku Montgomery ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, kwa zaka zambiri. Usiku womwewo Jo Ann Robinson, mphunzitsi wa pa koleji ya Alabama State, adasindikiza timapepala zikwizikwi touza anthu kuti Lolemba pa 5 Disembala asakwere basi. Pa okwera anayi aliwonse, atatu adali akuda, ndiye kampani idamva kuwawa nthawi yomweyo. Koma kunyanyala tsiku limodzi n'kosavuta. Funso lidali lakuti wantchito wa m'nyumba ya mzungu, wokhala makilomita angapo kutali, afika bwanji pantchito mawa ndi mkuja. Poyamba mataksi a anthu akuda ankanyamula anthu pa masenti 10, mpaka akuluakulu a mzinda adakumbutsa lamulo lakuti mtengo wa taksi usatsike pa masenti 45. Ndiye adasonkhanitsa magalimoto a anthu wamba pafupifupi 300, n'kukonza malo okwerera ndi nthawi zake. Mipingo idagula magalimoto aatali. Makampani a inshuwalansi atawakana, adakaipeza ku Lloyd's of London. Apolisi ankagwira madalaivala pa tizifukwa ting'onoting'ono, nyumba ya King idaponyeredwa bomba pa 30 Januwale 1956, ndipo mwezi wotsatira atsogoleri pafupifupi 90 adazengedwa mlandu. Mafuta a galimoto ankagulidwa ndi zopereka za m'misonkhano ya kutchalitchi, komanso ndalama za amayi monga Georgia Gilmore amene ankaphika ndi kugulitsa chakudya. Adapirira masiku 381. Mlandu umene udathetsa tsankho la m'basi, Browder v. Gayle, sudali wa Mayi Parks. Loya Fred Gray adaukokera kukhoti m'dzina la Aurelia Browder, Susie McDonald, Mary Louise Smith ndi Claudette Colvin, mtsikana amene adakana kunyamuka pampando mu Malichi 1955 ali ndi zaka 15. Amene wawerenga khoma limeneli mofatsa, zipinda zotsatira amazimva mwamsanga.

Kenaka mumafika pa kauntala ya malo odyera. Ziboliboli za ophunzira zakhala pa mipando yozungulira, kumbuyo kwawo kwaima anyamata achizungu a nkhope zachipongwe, ndipo pakhoma pakuonetsedwa filimu. Onerani filimuyo mpaka kumapeto, chifukwa imaonetsa maphunziro amene ankachitika anthu asanapite kukakhala pamipandoyo. Nkhani yotchuka ndi ya anyamata anayi a koleji ya North Carolina A&T amene adakhala pa kauntala ya Woolworth ku Greensboro pa 1 Febuluwale 1960, koma dongosolo lokhwima lidali ku Nashville. Kumeneko M'busa James Lawson, amene adakhalapo ku India n'kuphunzira njira za Gandhi, ankasonkhanitsa ophunzira m'matchalitchi. Ena ankasewera ngati azungu olusa, kutukwana, kukankha ndi kugwetsa anzawo pampando, ndipo ogwetsedwawo ankaphunzira kuteteza mutu ndi kutchinjirizana popanda kubwezera. Malamulo adali olembedwa: osabwezera nkhonya kapena chitukwano, osatseka khomo la sitolo, kukhala mowongoka kuyang'ana kutsogolo, kulankhula mwaulemu. Gulu loyamba likamangidwa, lachiwiri linkakhala pamipando yomweyo. Atapezeka olakwa, ambiri adakana kulipira chindapusa n'kusankha ndende, kuti mzinda uziwadyetsa ndi ndalama zake. Pa 19 Epulo 1960 bomba lidaphulika panyumba ya loya wawo, Z. Alexander Looby, n'kuswa mawindo oposa 100 a ku Meharry komwe kuja. Tsiku lomwelo anthu zikwi zingapo adaguba mwakachetechete kupita ku ofesi ya mfumu ya mzinda, Ben West, ndipo Diane Nash, mmodzi wa atsogoleri a ophunzirawo, atamufunsa maso ndi maso, adavomera kuti kusala munthu chifukwa cha khungu n'kulakwa. Pa 10 Meyi masitolo asanu ndi limodzi adayamba kupatsa akuda chakudya pa kauntala. Dzina la Lawson mulisunge, mukumananso nalo kutsogolo.

Basi yopserera ya Greyhound ndi chifaniziro, koma adachipanga mwaluso, ndipo chimaimitsa aliyense. Chimakumbutsa za anthu 13, akuda asanu ndi awiri ndi azungu asanu ndi mmodzi, amene adanyamuka ku Washington pa 4 Meyi 1961 kukayesa ngati chigamulo cha khoti choletsa tsankho m'masiteshoni a mabasi chikutsatidwa. Pa 14 Meyi basi ina idatenthedwa kunja kwa Anniston ku Alabama anthu ali m'kati, ndipo adapulumukira pa kam'kamwa ka mbuzi. Ophunzira a ku Nashville adapitiriza ulendowo, oposa 400 adatsatira m'miyezi imeneyo, ndipo ambiri adakathera kundende ya Parchman ku Mississippi. Za ku Birmingham mu 1963 zili ndi chifaniziro cha chitolokosi chimene King adatsekeredwamo, ndi mafilimu a agalu a polisi ndi mapaipi a ozimitsa moto akugwetsa ana a sukulu. Pamenepa pamakhala phokoso la mafilimu angapo nthawi imodzi, ndipo amene Chingerezi cha kum'mwera kwa America chimamuvuta aziwerenga mawu olembedwa m'munsi mwa filimu. Za ulendo wa ku Washington wa pa 28 Ogasiti 1963, umene kudafika anthu pafupifupi 250,000, mungathe kudutsa msanga poti n'zopezeka paliponse.

Za voti musazidumphe. Mu 1964 ku Mississippi akuda olembetsa kuvota sankakwana 7 pa 100 aliwonse. Chaka chimenecho James Chaney, Andrew Goodman ndi Michael Schwerner adaphedwa chifukwa cholembetsa anthu. Pa 7 Malichi 1965 anthu pafupifupi 600 adamenyedwa ndi zibonga ndi kuthiridwa utsi wokhetsa misozi pa mlatho wa Edmund Pettus ku Selma, ndipo m'nyumbayi mumayenda pa chifaniziro cha mlathowo. Lamulo la Voting Rights Act litasainidwa pa 6 Ogasiti 1965, mayeso aja adaimitsidwa ndipo boma lalikulu lidatumiza alembi ake. Pofika 1967 ku Mississippi olembetsa adafika pafupifupi 60 pa 100. Mu 2013, pa mlandu wa Shelby County v. Holder, khoti la Supreme lidachotsa mano a gawo limene linkakakamiza zigawozi kupempha chilolezo zisanasinthe malamulo a chisankho, ndipo mkangano wake ukadalipo.

Chipinda cha sitalaka ya anthu otola zinyalala a ku Memphis ndicho chabwino koposa m'nyumba yonseyi, ndipo ndi chimene chimapeza anthu atatopa. Pakati paima galimoto yakale yotayira zinyalala, ndipo pafupi pake pali ziboliboli za amuna atanyamula zikwangwani zolembedwa I AM A MAN. Nkhani yake ndi iyi. Pa 1 Febuluwale 1968 kunkagwa mvula, ndipo antchito awiri, Echol Cole ndi Robert Walker, adabisala kumbuyo kwa galimoto yawo, momwe mumalowera zinyalala. Makina opsinjira zinyalala adadzilizira okha chifukwa galimotoyo idali yakutha, n'kuwaphwanya onse awiri. Mzinda udapatsa mabanja awo malipiro a mwezi umodzi ndi madola 500 a maliro. Anzawo ankasenza zinyalala m'mabeseni obooka, madzi onunkha ndi mphutsi zikutsikira m'khosi, popanda yunifolomu kapena posamba poweruka, ndipo malipiro adali ochepa moti ambiri ankalandiranso thandizo la boma la anthu osauka ngakhale adali pantchito. Pa 12 Febuluwale amuna pafupifupi 1,300 adanyanyala ntchito. Ankafuna kuti bungwe lawo, AFSCME Local 1733, livomerezedwe, malipiro akwere, ndi kuti pakhale njira yokadandaulira. Mfumu ya mzinda, Henry Loeb, idakanitsitsa. Lawson, amene pa nthawiyi adali m'busa wa mpingo wa Centenary Methodist ku Memphis, ndiye adaitana King. Zionetsero za pa 28 Malichi zidasokonekera, mawindo adaswedwa, wapolisi adapha mnyamata wa zaka 16, Larry Payne, ndipo asilikali pafupifupi 4,000 adalowa mumzinda. King adabweranso pa 3 Epulo kuti adzatsogolere ulendo wina wopanda ziwawa, n'kulankhula usiku umenewo ku Mason Temple. Ataphedwa, mkazi wake Coretta adatsogolera anthu pafupifupi 40,000 mumzindawu pa 8 Epulo, ndipo pa 16 Epulo mzinda udagonja: bungwe lidavomerezedwa, malipiro adakwera ndi masenti 10 pa ola, ndipo masenti 5 ena adawonjezedwa mu Sepitembala. Amene amangomudziwa King ngati mlaliki wa maloto, apa amamuona akumenyera malipiro a munthu wosenza zinyalala.

Kuchoka apo mumalowa kanjira kopapatiza pakati pa zipinda 306 ndi 307. M'zipindamo simulowa, mumaonera pagalasi. Mu 306, mmene King ankagona ndi mnzake Ralph Abernathy, muli mabedi awiri, limodzi lofunyululidwa, makapu a khofi, mbale, foni ndi wailesi yakanema yaing'ono, zoikidwa monga zidalili tsikulo. Kumapeto kwa kanjirako kuli windo loyang'ana pakhonde. King adaima pamenepo akulankhula ndi anzake amene adali pansi, akukonzekera kukadya kwa M'busa Samuel Billy Kyles, pamene chipolopolo chidamupeza nthawi ya 6:01 madzulo. Adamwalira ku chipatala cha St. Joseph's patangopita ola, ali ndi zaka 39. Mukakweza maso mukuona nyumba ya njerwa kutsidya kwa msewu, mamita 60 okha kuchokera pomwe mwaima. Anthu amalankhula monong'ona, ena amalira, ndipo nyimbo yachipembedzo imamveka chapansipansi. Vuto ndi malo: kanjiraka sikalola anthu ambiri, mzere umabwerera mpaka m'chipinda cha sitalaka, ndipo ogwira ntchito amakakamizika kupempha anthu kuti aziyenda. Pa tsiku lodzaza mungadikire mphindi 20 n'kuima pawindo mphindi imodzi. N'chifukwa chake tikiti ya nthawi yotsegulira, pakati pa sabata, ndiyo yabwino.

Nyumba ya kutsidyayo nayonso ndi ya malo omwewa, ndipo idawonjezedwa mu 2002. Idali nyumba ya lendi yotsika mtengo. James Earl Ray adachita lendi chipinda 5B pa dzina labodza la John Willard, ndipo boma lidati adaombera pawindo la bafa. Mtolo wokhala ndi mfuti ya Remington udapezeka utatayidwa pakhomo la sitolo yoyandikana. Ray adagwidwa pa bwalo la ndege la Heathrow ku London pa 8 Juni 1968 ali ndi pasipoti ya ku Canada, adavomera mlandu mu Malichi 1969, adalamulidwa zaka 99, kenaka patangopita masiku atatu adakana. Mu 1999 khoti la ku Memphis, pa mlandu umene banja la King lidasuma, lidagamula kuti padali chiwembu cha anthu ambiri, koma unduna wa zachilungamo utafufuza mu 2000 udati umboni wake ndi wosadalirika. Nyumbayi yakhala ikukonzedwa m'zaka zaposachedwapa, ndiye pogula tikiti onetsetsani ngati ili yotsegula tsiku limene mukupita.

Zofooka zina n'zoti muzidziwiretu. Zolemba zonse ndi za m'Chingerezi, ndipo kuwala m'zipinda zina n'kochepa. Wa maso ovuta atenge magalasi ake. Mipando yopumirapo ndi yochepa poyerekeza ndi kutalika kwa njira, ngakhale njinga ya olumala imadutsa paliponse. Zinthu zikuluzikulu zambiri ndi zifaniziro, ndipo mlendo wosawerenga timapepala ta m'mbali amatuluka akukhulupirira kuti wakwera basi ya Mayi Parks. Chigawo cha Black Power (maganizo akuti anthu akuda azidzidalira ndi kudziteteza okha), cha Malcolm X, Stokely Carmichael ndi Black Panthers, chidapanikizika pakati pa Selma ndi Memphis, ndipo anthu amachidutsa ngati kanjira chabe, chonsecho chimafotokoza chifukwa chimene achinyamata ambiri adatopera ndi njira yosabwezera. Pali zithunzi zoopsa, monga cha mtembo wa Emmett Till, mnyamata wa zaka 14 amene adaphedwa ku Mississippi mu 1955, ndi za anthu opachikidwa m'mitengo. Mwana wosakwana zaka 10 muziyenda naye pafupi, muzitsogola ndinu.

Pangodya ya msewu, kwa zaka zoposa 30, alendo akhala akupeza tebulo ndi zikwangwani za Mayi Jacqueline Smith, amene ankagwira ntchito ndi kukhala mu Lorraine mpaka adatulutsidwa mokakamiza mu Malichi 1988. Iwo amati ndalama zimenezi zikadamangira nyumba anthu osauka, ndipo kukongoletsa dera la South Main kwathamangitsa anthu omwe King adafera. Mukayang'ana mitengo ya lendi ya nyumba zozungulira, mfundo yawo siyopepuka. Mukawapeza, apatseni moni mwaulemu ndipo musawajambule musanapemphe.

Za mayendedwe sizovuta. Pali malo oimika galimoto a alendo, ndipo kuchokera ku Beale Street ndi ulendo wapansi wa mphindi 15. Amene ali cha ku Chicago kapena Indiana angakwere sitima ya Amtrak yonyamuka ku Chicago usiku, imene imafika ku Memphis Central Station m'mamawa, pafupi kwambiri ndi moteloyi. Mu Julayi ndi Ogasiti kunja kumatentha kupitirira madigiri 32 ndipo m'kati mumazizira, ndiye kajuzi kopepuka kamathandiza. Idyani musanalowe. Potuluka, Central BBQ ili kuseri kwenikweni, koma nyama yotchuka ku Memphis ndi ya nkhumba. Asilamu ndi a Seventh Day afunse za nkhuku kapena ng'ombe, afunsenso za nyemba ndi ndiwo zamasamba chifukwa nthawi zambiri amaphikiramo nkhumba. Ngati muli ndi galimoto, pitani ku The Four Way pa Mississippi Boulevard, malo odyera a anthu akuda otsegulidwa mu 1946 kumene King ankadyako: mlamba wokazinga, masamba, ndi buledi wa ufa wachimanga wofanana ndi chigumu, ndipo woperekera chakudya mum'siyire 15 mpaka 20 pa 100 ya bilu. Mason Temple ili chapafupi pomwepo. Clayborn Temple, tchalitchi chimene antchito a zinyalala ankanyamukirapo tsiku ndi tsiku, chidapsa ndi moto mu Epulo 2025, koma pambali pake pali I AM A MAN Plaza pamene adalembapo mayina a amuna onse amene adanyanyala ntchito, ndipo kufikapo salipiritsa.